Miyezi 8 ndi Zork I: kope ladzaza, ndipo mawu ena ndikuwabweza

Mu Disembala, fodya ali wobiriwira m'minda, ndinalemba zoyamikira Zork I nditangoisewera masabata awiri. Ndinati gemuyi ndi yaing'ono, sidya bandulo, ndipo ingaphunzitse ana Chingerezi. Pano ndi Ogasiti, mabelo opita ku Chinkhoma ayamba kuchepa pamsewu, ndipo ine ndi mwana wa mlongo wanga, wa Fomu 2, taimaliza sabata yatha. Mapointi onse 350 tawapeza.

Kwa amene sanaionepo, gemuyi ilibe chithunzi ngakhale chimodzi. Imakulembera m'Chingerezi malo amene uli, iwe n'kulemba chomwe ukufuna kuchita, iyo n'kukuyankha. Anaiyamba mu 1977 ku yunivesite ya MIT, ku America, anthu anayi: Tim Anderson, Marc Blank, Bruce Daniels ndi Dave Lebling, atatengeka ndi gemu ina yotere, Colossal Cave Adventure, ya Will Crowther ndi Don Woods. Gawo loyambali linafika pamsika mu 1980. Umayambira panja pa nyumba yoyera, koma chuma chambiri chili pansi pa nthaka, ndipo khomo lake labisika kunsi kwa kapeti m'nyumbamo.

Za kuchepa kwake sindisintha. Fayilo yake sikwana ndi 100 KB yomwe, chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp nthawi zina chimaiposa. Magetsi akathima foni imapirira usiku wonse. Chovuta ndi kiyibodi ya foni, imene imakonda kukonza mawu osaipempha; tinazimitsa zimenezo mwezi woyamba.

Za Chingerezi ndinafulumira kuyankhula. Mnyamatayu waphunziradi mawu, koma ambiri ndi a malupanga, mabokosi a maliro ndi migodi ya malasha, oti pa JCE sadzakumana nawo. Chimene chasintha ndi kawerengedwe. Kale ankathamangitsa maso ngati wothawa mvula. Lero amaima pa chiganizo, n'kubwereranso, chifukwa waona kuti mawu amodzi ukawadumpha ufera mumdima, momwe chilombo chotchedwa grue chimadya aliyense woyenda wopanda nyali.

Koma chimene sindinachidziwe mu Disembala n'chakuti gemuyi si ya pafoni pokha. Theka lake lili m'kope. Tinagula kope la masamu, la timabokosi, ndipo chipinda chilichonse tinkachijambula ndi pensulo, mivi kuloza kumpoto, kummwera, kumwamba, pansi. Pali malo ena pomwe tinjira tonse timafanana, ndipo ukapita kumadzulo n'kubwerera kummawa sufika pomwe unachokera. Pamenepo tinakhala masabata atatu. Iye ndiye anaganiza zosiya katundu mmodzimmodzi m'chipinda chilichonse ngati chizindikiro. Zinayenda masiku awiri, kenako wakuba wa m'gemumo, amene amangoyendayenda ndi thumba lake, anayamba kutola zizindikiro zathu. Tsamba limenelo rabala analifuta mpaka kubowoka.

Nkhani ya dzira ndiyo imandiwawabe. Mumtengo wa m'nkhalango muli chisa, m'chisamo muli dzira la miyala yamtengo wapatali. Tinalitsegula mokakamiza ndi lupanga, linaphwanyika, ndipo kambalame kachitsulo komwe kanali mkati kanawonongeka. Gemu inatiuza kuti tawononga, inde, koma sinatiuze kuti basi, mapointi onse sitidzawapezanso. Tinapitiriza mwezi wathunthu tikulima pathanthwe, mpaka batire la nyali linatha, n'kuyambiranso. Apa sindiikira kumbuyo gemuyi. Munthu amene ali ndi ntchito ndi banja sayenera kutayitsidwa mwezi chotero, ndipo magemu a pambuyo pake monga The Secret of Monkey Island ya 1990 anachita bwino kuusiya mchitidwewu.

Ulendo wachiwiri dziralo sitinayese kulitsegula, wakuba uja n'kutilanda. Tinadandaula. Patapita milungu tinafika pa chimphona cha diso limodzi chotchinga masitepe. Ndinamva pambuyo pake kuti ukangolemba dzina la Odysseus, wa m'nthano za Agiriki, chimathawa. Mwana wokulira ku Kasungu dzinalo akalidziwira kuti? Mnyamata anangoyang'ana mndandanda wa katundu wathu nati, "Amalume, mwina chili ndi njala. Bwanji tichipatse kamba wathuyu?" Tinachipatsa. Chakudyacho chinali cha tsabola, chinamva ludzu, tinachipatsa madzi a m'botolo, chinagona tulo. Anadumpha pampando mpaka agogo ake anatuluka kudzafunsa ngati kwagwanji.

Pamwamba pa masitepewo ndiye panali phanga la wakuba. Titalimbana naye n'kumugonjetsa ndi mpeni, pakati pa katundu wake tinapeza dzira lathu lili chitsegukire, kambalame kali bwinobwino. Ntchito yofuna zala zaluso inali yake. Tinakatengera kunkhalango, n'kukapukusa, kanaimba, mbalame ina n'kugwetsa kampira kamkuwa. Usiku umenewo tinagona mochedwa, ndipo ndinavomereza kuti amene analemba izi ankadziwa kuluka nthano.

Colossal Cave tinaiyesanso mu Juni koma sitinapite nayo patali. Imamva mawu awiri okha pa nthawi, ndipo ukazolowera Zork, imene imamva chiganizo chathunthu, umaona ngati ukuyankhula ndi munthu kuseri kwa chitseko.

Amene mukufuna kuyamba, musayambe nokha. Pezani mnzanu, wina agwire foni wina pensulo, ndipo muzisunga gemu musanachite chilichonse chosabwezeka, makamaka musanaswe kapena kudya kanthu. Adyo amene mumupeze kukhitchini musamudye, adzakuthandizani kumgodi komwe kuli mleme.

Loweruka ndinapita kumsika wa paboma kukagula kope lina. Mnyamata walemba kale pachikuto pake ndi bolopeni yofiira dzina la gemu yotsatira: Planetfall, 1983. Tiyamba akatsekera sukulu ya tchuthi imene mayi ake amulembetsa.