Atolankhani a AP kapena komiti ya CFP: ndani amasanja matimu mosakondera?

Pa mpira wa ku America wa m'mayunivesite, timu imakwera kapena kutsika pa mndandanda wa matimu abwino malinga ndi mavoti a anthu. Pa njira ziwiri zotchuka, ine ndimakhulupirira ya atolankhani.

Ya AP (Associated Press, bungwe lofalitsa nkhani la ku America) inayamba mu 1936. Atolankhani oposa 60 a m'madera osiyanasiyana amasankha matimu 25 sabata iliyonse, ndipo voti ya aliyense imaikidwa poyera. Vuto lilipo ndithu: masewero ausiku akamayamba ku California, ku New York anthu amakhala akuwodzera, ndiye timu ya kumadzulo ena amangoiweruza poona zigoli m'mawa. Komabe wokondera timamudziwa ndi dzina lomwe.

Komiti ya CFP (College Football Playoff), yomwe imasankha matimu okalimbirana ukatswiri wa dziko lonse, ndi ya anthu 13 okha, imakumana m'hotela ku Grapevine, Texas, ndipo mavoti ake ndi achinsinsi. Mu 2023 Florida State inapambana masewero onse 13, koma komitiyi inaisiya panja posankha matimu anayi okalimbirana ukatswiri chifukwa wosewera wake wodalirika, Jordan Travis, anali atathyoka mwendo. Inatenga Alabama ya mu ligi yotchedwa SEC, yomwe inali itagonjapo kamodzi. Zinandiwawa mtima kwambiri. Anyamata amene anakhetsa thukuta chaka chonse aja analakwanji? Sabata yomweyo atolankhani a AP anaika Florida State pa nambala 4, Alabama pa nambala 5.