Miyezi khumi m'nyumba ya lendi ku Mchengautuwa

Ndinalowa m'nyumbayi mu September 2023, nthaka ili youma, ndipo zomwe zinandikopa zinali zitatu: zipinda zogona zitatu, mpanda wa njerwa, komanso mita ya magetsi yakeyake yosagawana ndi banja lina. Ejenti amene anandilondolera anafuna ndalama yongoonera nyumba tisanakwere n'komwe kabaza, ndipo eni nyumba anafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, zomwe masiku ano zasanduka ngati lamulo mu Mzuzu ngakhale palibe pomwe zinalembedwa. Ndinalipira osawiringula chifukwa tsiku lomwelo panali mabanja ena awiri amene anabwera kudzaiona.

Pa zabwino sindichulukitsa mawu. Denga silinadonthepo, mita ija yandipulumutsa ku mikangano ya mayunitsi imene inanditopetsa komwe ndinkakhala kale ku Chibavi, ndipo ulendo wa m'tauni ndi waufupi moti tsiku lina ndimangoyenda pansi.

Vuto linaonekera mvula itakhazikika. Aliyense amene wakhalitsa kuno akudziwa kuti mvula ya Mzuzu sithera limodzi ndi ya ku Lilongwe, imapitirira mpaka April ngakhale May, ndipo nthawi zina mvumbi umagwa masiku angapo dzuwa osaoneka. Mu February mayi a kunyumba anasuntha kabati ya zovala kuti asese kuseri, n'kupeza khoma lonse lada ndi nkhungu kuyambira pansi mpaka m'chiuno, penti itatupa n'kumasupuka ngati khungwa la bulugamu. Nsapato zanga za kutchalitchi, zomwe zinali pansi pa kabatiyo, zinali zitamera ubweya wobiriwira. Mmisiri amene ndinamuitana anagogoda pulasitala ndi chala, nandiuza kuti pomanga sanayale pepala la pulasitiki loletsa chinyontho kukwera kuchokera m'maziko, ndiponso kuti nyumbayi ili m'munsi mwa chitunda, choncho madzi onse ochokera pa malata a nyumba zakumtunda amathera pakhoma lathu popeza palibe amene anakumba ngalande. Zimenezi munthu sangazione mu September, ndipo ndikukhulupirira kuti penti yatsopano imene inandisangalatsa tsiku loyamba inapakidwa ndi cholinga chimenecho. Anzanga a kuno akamakumbutsa za madzi osefukira a mu April 2016, amene anagwetsa nyumba zambiri m'madera ngati Masasa ndi Chibavi, kale ndinkangomva ngati nkhani ya anthu omanga m'madambo, koma tsopano ndaona kuti ngakhale pamtunda madzi amakupeza ngati anzako amanga mosaganizira komwe adzadzere.

Lendi nayo sinakhale pamodzi. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo pofika January eni nyumba anabwera madzulo ena, nakhala pakhonde, n'kunena mwaulemu kuti: "Achimwene, inunso mukuona mmene simenti ndi malata zakwerera, ndiye tithandizane." Anakweza kuchoka pa K120,000 kufika pa K150,000. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, nanga nyumba yomangidwa kale ikudyanso simenti?" Anaseka, koma sanatsitse. Kunena chilungamo, bambowa ndi opuma pantchito ndipo nyumbayi ndiyo munda wawo, kotero shuga ndi feteleza zikakwera alibe kwina koloza. Chomwe chinandiwawa n'chakuti ndalama yowonjezerayo sinafike pakhoma lonyowa lija.

Nditakwiya ndinayamba kufunafuna kwina, ndipo m'pamene ndinaona bwino mmene msika wa nyumba wasinthira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 221,272 mu mzinda uno, ndipo kuchokera nthawi imeneyo anthu akungobwerabe, pomwe nyumba za Malawi Housing Corporation, monga za ku Katoto, n'zochepa ndipo amene analowamo satulukamo wamba. Ku Luwinga, kufupi ndi Mzuzu University, eni mapuloti ambiri anazindikira kuti chipinda chimodzi chogonamo ophunzira angapo, aliyense akulipira bedi lake, chimabweretsa ndalama zoposa banja limodzi, motero nyumba zomwe zikanakhala za mabanja zasanduka mahositelo. Nyumba zatsopano zikuphuka kunja kwa tauni, cha ku Dunduzu, Nkhorongo ndi Lupaso, zina zomangidwa bwino ndithu ndi mabuloko a simenti, koma zomwe munthu wapulumutsa pa lendi zimathera pa kabaza, ndipo misewu ina ya kumeneko ikalawa mvula ngakhale wanjinga yamoto amakana kulowako. Nyumba ziwiri zomwe ndinazikonda ndinapeza zitatengedwa kale, ejenti atadya ndalama yoonera.

Choncho ndatsala pomwe pano. Tinagwirizana ndi eni nyumba, ndipo ulendo uno tinalemba papepala, kuti ndikhala miyezi ina isanu ndi umodzi pa mtengo womwewu, iwo akumbe ngalande ya simenti kuseri kwa nyumba mvula isanayambe, ndipo ndalama ya matumba awiri amene ndagula ine idzachotsedwe pa lendi ya September. Mmisiri anayamba ntchito sabata yatha, wafika pakati, ndipo kabati ija ndaisiya chapatali ndi khoma mpaka ndidzaone mmene February adzathere.