Galasi loyera, lakuda kapena ma goggles: zoteteza maso a wanjinga yamoto mu Harare

Ambirife tikamagula helemeti timalimbana ndi chigoba. Timachigogoda ndi chala, kuyesa ngati lamba akugwira bwino pachibwano, kenako n'kuyamba kunenerera mtengo. Galasi lakutsogolo timangoliona ngati likukongola basi. Komatu chigoba chimagwira ntchito tsiku la ngozi lokha, pamene galasi lili pantchito nthawi yonse imene injini ikulira. Njinga ikamathamanga makilomita 60 pa ola, pa sekondi imodzi imadutsa mamita pafupifupi 17. Chitsotso chikakugwerani m'diso n'kutsinzina masekondi awiri okha, mwayenda mamita oposa 30 osaona kanthu, ndipo pa Seke Road madzulo m'mamita 30 amenewo mumakwana kombi (minibasi) yoima mwadzidzidzi, dzenje, ndi mayi wodumpha msewu atasenza katundu.

Maganizo anga ndinene pachiyambi pomwe. Kwa munthu wodyera njinga, wopereka katundu kapena chakudya m'makomo, kaya wopita kuntchito m'mawa n'kubwerera kutada, galasi loyera ndiye maziko. Chotchinga dzuwa chizikhala chinthu chimene mungachichotse pamaso dzuwa likalowa. Mkangano weniweni uli pa chimenechi: chikhale chiyani?

Dzuwalo silitivuta mofanana. Anzathu a ku Mabvuku, Tafara ndi Ruwa ali kum'mawa kwa tawuni. M'mawa akamalowa pa Mutare Road dzuwa limakhala kumsana, madzulo pobwerera lili kumsananso. A ku Kuwadzana, Warren Park ndi Dzivarasekwa ndi amene amaona zakuda: m'mawa akuyang'anizana ndi dzuwa lotuluka, madzulo akatsika Samora Machel Avenue kulowera ku Bulawayo Road dzuwa lolowa limawathobwa m'maso mpaka maloboti osaoneka ngati afiira kapena ayi. Ndiye mnzanu wa ku Tafara akamati iye galasi loyera limamukwanira, sakunama, koma musamutsanzire ngati mumagona ku Kuwadzana.

Galasi lakuda ndi limene achinyamata amalikonda, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Masana a mu October, tala akunyezimira, mutu suwawa chifukwa chotsinzinira, komanso njinga imaoneka yaulemu. Vuto lake ndi nthawi yoweruka, yomwe wopereka katundu sasankha yekha. Oda yomaliza ikakutumani ku Borrowdale cha m'ma 5 koloko mu June, dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndipo kuno chisisira sichikhalitsa. Pofika ku Mbare kwada kale, magetsi a mumsewu m'madera ambiri sakuyaka. Mumatani pamenepo? Aliyense amachita chimodzimodzi: kukweza galasi n'kuyenda maso ali pamtunda, pa nthawi yeniyeni imene tizilombo timachuluka. Amene anayendapo usiku wotsatira mvula yoyamba ya mu November akudziwa mmene ngumbi zimathamangira nyali ya njinga. Imodzi ikakumenyani pa diso pa liwiro la 60, misozi imatuluka maso onse awiri.

Malamulo akale a ku Ulaya oyezera mahelemeti, amene amadziwika kuti ECE 22.05, ankafuna kuti galasi loyendera usiku lizilowetsa kuwala kosachepera 80 peresenti. Lodetsedwa linkaloledwa mpaka 50 peresenti, koma lilembedwe kuti Daytime use only, kutanthauza masana okha. Magalasi akuda bii amene timawaona m'misika ambiri ndi akuda kuposa pamenepo. Onyezimira ngati kalilole, a buluu kapena agolide aja, ali ndi vuto lomwelo kuwonjezapo lina: utoto wake uli kunja, ndiye fumbi la kuno limaukala msanga n'kusiya zigamba. Ena amayenda ndi galasi loyera m'bokosi kuti asinthe madzulo. Zimatheka ngati helemeti yanu ndi ija yochotsa galasi popanda sikuludiraiva, koma galasi losungidwa pamodzi ndi makiyi, zingwe ndi mapaketi a chakudya silichedwa kukandika lisanagwire n'komwe ntchito.

Helemeti ya magalasi awiri, loyera kunja ndi kakuda kobisala mkati, ndi imene ndimaiona kuti ikuyankha bwino vuto la a Kuwadzana. Makampani ngati LS2, HJC ndi MT amapanga zoterezi zambiri. Mumakankha kabatani ndi dzanja lamanzere, kakudako n'kutsika. Mukalowa mumthunzi wa ma jacaranda pa Leopold Takawira Street kapena dzuwa likalowa, mumakabweza osaima n'komwe. Wovala magalasi a kuchipatala apa ndi pamene amapumira, chifukwa safunikira kuvala magalasi awiri pamphuno imodzi. Zofooka zake zilipo. Kabatani kaja kamadana ndi fumbi, ndipo pa helemeti zotchipa ndi kamene kamayamba kufa, nthawi zina kakudako katatsika theka. Pa mitu ina sikatsika mokwanira, ndiye kumunsi kumatsala mzere wowala umene umatopetsa maso kuposa kukhala opanda kanthu. Muyese m'sitolo momwemo muli chivalire. Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa ndi chizolowezi chokweza galasi lakunja kukatentha n'kumayenda ndi kamkati kokha. Kamkatiko n'kopyapyala, mmunsi n'kotsegula, ndipo sikanapangidwire kulandira mwala wothawa pa tayala la lole ya kwale.

Njira yotchipa kuposa zonse ndi galasi loyera ndi magalasi akuda a m'maso pansi pake. Apa mtundu wa magalasiwo ndi umene uli nkhani. Ogula pamsewu kwa anyamata oyendayenda aja ena pulasitiki yake imasweka n'kukhala tizidutswa takuthwa, pafupi ndi diso penipeni. Abwino ndi magalasi a amisiri, ogulitsidwa m'masitolo a zipangizo zomangira, olembedwa Z87+ kapena EN 166 pa mwendo kapena pakona ya galasi. Yoyambayo ndi miyezo ya ku America, yachiwiriyo ya ku Ulaya, ndipo chilembo F pa EN 166 chimasonyeza kuti galasilo linapirira kampira kachitsulo ka mamilimita 6 kothamanga mamita 45 pa sekondi. Alipo oyera, alipo akuda. Sankhani a miyendo yopyapyala ndi yowongoka, apo ayi helemeti imawakanikizira pamwamba pa makutu, ndipo pofika masana mutu uli wang'alu. Choipa chake chachikulu n'choti simungawavule njinga ikuyenda. Muyenera kuima, kuvula magolovesi, kuwasolola, n'kuwapezera posunga, ndipo ambiri amangoti "ndivulira kutsogoloko" mpaka kudawada.

Magalasi a polarized, ochepetsa kunyezimira aja, musawathamangire ngakhale amatamandidwa. Mukawavala kuseri kwa galasi la helemeti, pamaoneka mitundu ngati ya utawaleza. Foni imene mwaimangirira pa handulo kuti muziona mapu imatha kuoneka yakuda mukapendeketsa mutu, ndipo kunyezimira kwa madzi kapena oyilo pa tala, kumene kumakuchenjezani kuti apa m'poterera, amakuchepetsa. Achikasu aja amene amati ndi ausiku saonjezera kuwala kulikonse. Galasi lililonse la mtundu limachotsako kuwala, kungoti chikasucho chimanyenga diso kuti kwayera.

Za kuwala koononga maso kwa UV, Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 ndipo dzuwa lake ndi laukali. Koma pulasitiki ya polycarbonate, imene amapangira magalasi abwino a helemeti, imatsekereza yokha pafupifupi UV yense ngakhale ili yoyera. Kuda kwa galasi kumachepetsa kuthobwa basi.

Ma goggles ali ndi malo awo, ndipo malowo ndi fumbi. Galasi la helemeti, ngakhale litatsekedwa, silitseka mpweya wolowera kunsi kwa chibwano. Mukatsatira lole pa msewu wafumbi ku Epworth, Hopley kapena Caledonia mu August ndi September, mphepo ili pachimake komanso utsi wa moto wolusa m'tchire uli paliponse, fumbi limazungulira mkati mwa helemeti mpaka maso kufiira. Ma goggles ali ndi siponji yomatirira kunkhope, ndiye fumbi silipeza polowera. Pa ichi palibe chowaposa. Koma amakuberani m'mbali: kombi yotulukira kumanzere mumaiona mochedwa ngati simutembenuza mutu wonse, ndipo pakati pa tawuni, pomwe ma mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo, amalowa paliponse, zimenezi si zazing'ono. Siponji imamwa thukuta ndi mvula, ikakalamba imayamba kuyoyoka. Ndiponso ma goggles ambiri salowa pa khomo la helemeti yotseka nkhope yonse ya pa tala. Amafuna helemeti ya mtundu wa motocross, ya mipikisano ya njinga m'misewu yafumbi, kapena yotsegula kumaso, ndipo yotsegulayo imasiya chibwano ndi mano pamtetete. Ngati ulendo wanu wambiri ndi wa fumbi, tengani ya motocross ndi ma goggles oyera. Ngati ndi wa m'tawuni, asiyeni.

Liliponso galasi losintha lokha, loda padzuwa n'kuyera kukada, monga la Transitions limene limapezeka pa helemeti zina za Bell ndi Shoei. Limachedwa kuyera kuposa mmene limadera, kukatentha kwambiri silida mokwanira, ndipo mtengo wake umaposa helemeti zimene ambirife timavala. Ndilisiye pamenepo.

Nthunzi ndi mdani wa magalasi onsewa, makamaka m'mamawa a June ndi July komanso mvula ikamagwa. Mpweya wofunda wa m'kamwa ukagunda galasi lozizira umasanduka timadontho, ndipo pa maloboti, pamene mphepo yaleka kulowa, mumangoona zoyera. Kutsegula galasi pang'ono, kampata ka chala, kumathandiza ndipo n'kwaulere, koma mvula imalowa n'kudonthera mkati, komwe simungapukute. Kadontho ka sopo wotsukira mbale, kopakidwa mkati n'kupukutidwa mpaka kuuma, kamagwira kwa kanthawi, ngakhale usiku kamachititsa nyali za magalimoto kuoneka zopakika. Mankhwala opopera nawonso amafuna kubwereza. Chokhalitsa ndi Pinlock, ya kampani ya ku Netherlands: kagalasi kena kofewa kamene kamamatirira mkati ndi mkombero wa silicone, n'kusiya mpweya pakati pa magalasi awiriwo. Kamkatiko sikazizira ngati lakunja, komanso kamayamwa chinyontho. Imabwera m'magulu monga 30, 70 ndi 120, nambala yaikulu ndiyo yopirira kwambiri. Imafuna galasi lokhala ndi timisomali tiwiri tapulasitiki m'mbali, choncho yang'anani timeneti pogula helemeti. Ndi yofewa moti chikhadabo chimaikanda, ndipo usiku ena amaona nyali zikuoneka pawiri pang'ono. Wovala magalasi a m'maso adziwenso kuti Pinlock imateteza galasi la helemeti lokha, ake aja azichitabe nthunzi.

Koma chimene chimachititsa khungu anzathu ambiri si mtundu wa galasi ayi, ndi kukandika. Masana galasi lokandika limaoneka labwinobwino. Usiku pa Simon Mazorodze Road, basi yochokera ku Beitbridge ikakuwalitsani, kamzere kalikonse kamamwaza kuwala, nyali imodzi n'kudzaza galasi lonse, ndipo munthu woyenda m'mphepete mwa msewu amasoweratu. Kuyesa kwake n'kosavuta: usiku imikani helemeti moyang'ana babu muone. Ngati babulo latulutsa minga mbali zonse, galasilo latha, ngakhale lisanasweke.

Timalikanda tokha. Kupukuta fumbi louma ndi golovesi kapena mkono wa jekete n'kukhuta mchenga pa pulasitiki. Madzi a m'ndowa yotsukira magalasi a galimoto pomwetsera mafuta nawonso amakhala ndi mchenga. Chofunika ndi kuthira madzi oyera kaye, ndipo ngati pali ngumbi zouma, yalani kansalu konyowa pagalasipo kwa mphindi zingapo zifewe zokha, kenako sopo wofatsa ndi kansalu kofewa. Petulo, thinazi ndi mankhwala otsukira mawindo okhala ndi ammonia zimafooketsa polycarbonate, imachita timing'alu tating'onoting'ono n'kutaya mphamvu. Za mankhwala otsukira mano zija, zoti amachotsa zokandika, amangosenda chikutiro cholimba chakunja galasi n'kuchita mbuu.

N'chifukwa chake funso loyamba kwa wogulitsa helemeti lizikhala lakuti, "Achimwene, galasi lake lapadera muli nalo?" Galasi la helemeti si la saizi imodzi, mtundu uliwonse uli ndi mahinji akeake. Helemeti zopanda dzina zimene zimabwera ngati banyira pogula njinga nthawi zambiri zilibe galasi losinthira, ndiye likakandika mwini wake amangolichotsa n'kumayenda opanda. Pa helemeti yoyezedwa ku Ulaya mupeza chilembo E m'kabwalo ndi nambala ya dziko limene linavomereza, monga E1 ya Germany kapena E3 ya Italy, pa kansalu kosokeredwa ku lamba, ndipo galasi nalo limakhala ndi chizindikiro chakechake. Miyezo yatsopano ya ECE 22.06 imawombera galasi ndi kampira kachitsulo pa mamita 60 pa sekondi, omwe ndi makilomita 216 pa ola. Chomata cha DOT kumbuyo chokha musachidalire kwambiri, chifukwa pa dongosolo la ku America limeneli wopanga ndi amene amadzitsimikizira yekha, ndipo chomata aliyense akhoza kusindikiza.

Mukamapita kukasaka galasi latsopano, kaya ku Kaguvi Street, ku Siyaso kapena m'masitolo a njinga, nyamulani helemetiyo m'manja, musadalire chithunzi cha pafoni. Alimangirire pomwepo inu mukuona. Likwezeni ndi kulitsitsa mumve ngati likugwira pa kampata kakang'ono kaja kolowetsa mphepo. Litsekeni muone ngati lagona pa labala mbali zonse, pamwamba makamaka, chifukwa mvula imalowera pamenepo. Kenako valani n'kuyang'ana mzere wowongoka, mphepete mwa chitseko kapena polo ya magetsi, mukutembenuza mutu pang'onopang'ono. Mzerewo ukamapindika, galasilo libwezeni musanalipire.