Steam Guard ndaikonda, akamberembere andilephera

Aise ngati mumasewera magemu pa Steam ikani Steam Guard (chitetezo cha akaunti chomwe chimakupatsani code yolowera) pa foni basi, ndi yaulere. Sabata yatha kunabwera imelo yoti akaunti yanga itsekedwa pasanathe maola 24 ndikapanda kudina linki, logo yake ngati yeniyeni moti mtima unagunda ndithu, koma nditayang'anitsitsa linki ija inali steamcommunlty, aika l pamalo pa i, anthu ochenjera bwanji! Ma imelo enieni amachokera ku steampowered.com ndipo sapempha password. Chomwe Steam Guard yandisangalatsa, code yake ya zilembo 5 imasintha masekondi 30 aliwonse ndiye wakuba password yokha salowa, bola code yo osakailemba pa malinki awowo. Vuto foni ikatayika usanasunge recovery code (code yapadera yokuthandiza kulowanso mu akaunti), ulira. Yanga ndinalemba kuseri kwa kope.