Nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo ndi za a sisita

Ndadikira kuti BP itsike kaye ndisanalembe ndemanga iyi, chifukwa ndikanalemba sabata imene zinachitikayo ndikanapereka nyenyezi imodzi n'kuwonjezerapo mawu osayenera mayi wa ana atatu. Dzina la kiliniki sinditchula, sindikufuna milandu. Ndi imodzi mwa zapulayiveti za kuno ku Chipata, zimene zimagulitsa sikelo ya amayi oyembekezera ngati phukusi: ulipire kamodzi, uziyenda mpaka kubereka.

Ine BP ndinayamba nayo nditabereka mwana wachiwiri. Mimba iyi yandipeza ndili ndi zaka 36, ndiye amuna anga anati tisachite mwayi, tipite kolipira kuti azindiona mosathamanga. Tinapereka K3,500 ija, pamene sikelo ya boma ndi yaulere ndipo achemwali anga onse anayendera komweko bwinobwino. Khadi la NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, analiyang'ana pa windo n'kundibwezera, akuti phukusi sililowa m'menemo. Mu ndalamayo munali maulendo asanu ndi atatu a sikelo, monga mmene a WHO analangizira kuyambira 2016, sikani ziwiri ndi kuyeza magazi.

Tsiku loyamba ndinakondwera, sindinama. Mzamba amene anandilandira, a sisita amene ndikunenawo, mayi wachikulire wosalankhula zambiri, anandiuza kuti nditulutse mankhwala onse amene ndimamwa ndiwaike patebulo. Atangoona enalapril anasiya kulemba. Anandifunsa kuti ndamwa mpaka liti, n'kundiuza kuti ndisamwenso, chifukwa mankhwala amenewo amawononga impso za mwana ndipo amachepetsa madzi amene mwana amakhalamo m'mimba. Anapita okha kukaitana dokotala, ndipo ndinatuluka ndi methyldopa, amene ambiri timamudziwa kuti Aldomet. Anandichenjeza kuti masiku oyamba ndizimva tulo ndi kufooka, ndisadabwe ndipo ndisasiye. Pa masabata 12 anandiyambitsa aspirin wamng'ono wa 75 mg usiku uliwonse, woteteza kuti BP isasanduke matenda oopsa a amayi oyembekezera otchedwa pre-eclampsia. Anawonjezera calcium, mapiritsi a magazi, ndi Fansidar wa malungo amene ndinkamwera pamaso pawo. Mutu ukapweteka, Panado yekha, Brufen ndi diclofenac ayi. Anafunsanso za mankhwala achikuda mosanyoza, ngati munthu amene akudziwa kuti apongozi alipo paliponse ndipo amabwera ndi kabotolo kawo.

Kayezedwe kawo ka BP nakonso kanali kosiyana ndi kamene ndinazolowera. Sakuyeza utangotsika pa njinga yamoto, thukuta lili kamukamu. Ukhale kaye mphindi zisanu, mapazi pansi, usapingase miyendo, mkono uli patebulo. Ine mikono yanga ndi yaikulu, ndiye ankakatenga lamba wamkulu, akuti waung'ono umanamiza nambala. Mkodzo ankayeza ulendo uliwonse ndi kapepala kaja kosintha mtundu. Kuseri kwa khadi langa analemba ndi dzanja lawo: 140/90 bwerani, 160/110 thamangani. Pansi pake anandandalika mutu wosamva Panado, kuona tinthu tothwanima kapena chimbuuzi, kupweteka pansi pa nthiti chakumanja, kutupa nkhope ndi manja, mwana kuchepetsa kugunda. Anandiuza kuti ndikaona chimodzi mwa izi ndisayang'ane tsiku la pa khadi, ndingobwera.

Mawu amenewa ndi amene anandifikitsa pa windo paja mu Okutobala, mimba ili ndi masabata 33.

Mutu unayamba usiku, ukugunda ngati muli munthu akusinja mumtondo. Panado sanachite kanthu. M'mawa mphete inakana kutuluka pachala, maso akuona timoto. Amuna anga anali ku Lundazi kogula soya, ndiye ndinatenga mng'ono wanga, tinakwera njinga zamoto kuchoka ku Kapata, dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Pa windo panali kamtsikana kamene kamakhalapo nthawi zonse, foni m'manja. Ndinapereka khadi n'kunena kuti ndikufuna kuona a sisita, mutu wandivuta.

"Amayi, tsiku lanu ndi Lolemba. Lero ndi kunja kwa phukusi, mulipire K250 yoonana ndi dokotala."

Ndinamuonetsa kuseri kwa khadi, pamene a sisita analemba. Sanawerenge n'komwe. Ndinati chabwino, ndilipira pa Airtel Money. Akuti netiweki yawo yavuta kuyambira m'mawa, akufuna ndalama yapamanja. Ndinati ndilowe kaye andiyeze, mng'ono wanga apite kukatapa ndalama pa kabuthu. Yankho lake ndi limene silindichoka m'makutu mpaka lero:

"Mutu wokha? Aliyense wa pakati mutu umamupweteka. Khalani pa benchi, akabwera ndi ndalama mulowa."

Munthu ukadwala sukhala ndi mphamvu zokangana. Ndinakhala. Mng'ono wanga anapita, kabuthu koyamba kanalibe ndalama, anapitirira mpaka chakumsika. Pa benchipo panadutsa anthu angapo okhala ndi malisiti awo, wina wa chimfine, wina wodzachotsa ulusi pabala, onse n'kulowa ine ndikuona. Ndinabwereranso pa windo kukanena kuti ndayamba kumva kupweteka pansi pa nthiti ndipo ndikufuna kusanza. Kamtsikana kaja kanandilozera kuchimbudzi. Kuchimbudzi, abale! Kiliniki imene imadzitamandira pa chikwangwani kuti imasamalira amayi a BP ndi a shuga, koma munthu woyamba kukumana naye sadziwa kuti mayi wa pakati wotupa nkhope akadandaula mutu ndi nthiti angathe kugwa n'kuyamba kuphiriphitha pomwepo. Ndinakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu.

A sisita aja anatulukira pakhonde atanyamula thireyi, akupita kwina. Anandipitirira pang'ono, kenaka anabwerera n'kundiyang'anitsitsa.

"Amayi, nkhopeyi yayamba liti kutere?"

Ndisanamalize kuyankha anali ataika kale thireyi pa benchi, andigwira mkono. Kamtsikana kaja kanakuwa pa windo kuti sanalipire amenewo. A sisita sanatembenuke. Anangoti, "Lembani pa dzina langa," tikulowa.

BP inali 172/114. Anayezanso mkono winawo, osasintha. Kapepala ka mkodzo kanada msangamsanga, anati 3+, kutanthauza kuti mumkodzo muli mapuloteni ambiri. Kuyambira pamenepo zonse zinayenda mofulumira koma popanda phokoso, ndipo ichi ndi chimene ndimawatamandira nacho kwambiri: sanandiopseze, sanandibisirenso. Anandigoneka chakumanzere, anatseka makatani kuti kuwala kuchepe, anatuma namwino wina kukaitana dokotala, anandimwetsa nifedipine wotsitsa BP. Akuika kanyula anandiuza kuti, "Amayi, iyi ndi pre-eclampsia yoopsa. Tikupatsani mankhwala oti musakomoke. Mumva kutentha thupi lonse, musachite mantha, ndili pano." Anali magnesium sulphate, wina wa mumtsempha wolowa pang'onopang'ono, wina wa jakisoni kumatako onse awiri. Jakisoni ameneyo amawawa, amene munabayidwapo mundivomereza. Anandiika paipi ya mkodzo, anamvetsera mtima wa mwana n'kundipatsa kuti nanenso ndimve. Kenaka ananena chilungamo chimene eni mabizinesi ambiri sakonda kunena, kuti pano alibe chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane ndipo sangandisunge. Anaimba foni ku Chipata Central kuti kukubwera mayi wotere, wapatsidwa zakutizakuti pa nthawi yakuti.

Galimoto yawo yonyamula odwala nayo inali ndi nkhani yake. Dalaivala anali atatumidwa kutauni, ndipo atabwera panabukanso za K600 ya ulendo wa mkati mwa Chipata momwemu. Apa mng'ono wanga anali atafika, analipira osafunsa. A sisita anakwera nafe kumbuyo atagwira diripi, dzanja lina lili pa mkono wanga. Atafika anapereka pepala lolembedwa nthawi ya mankhwala aliwonse, ndipo sanachoke mpaka azamba akumeneko atandilandira pabedi.

Za ku Central sindichulukitsa, chifukwa ndemangayi si yawo, koma anandisamalira. Anandibaya majakisoni okhwimitsa mapapo a mwana, anapitiriza magnesium maola anayi alionse, akugogoda bondo ndi kanyundo, kuwerenga mpweya ndi kuyeza mkodzo asanabaye wina. Patapita masiku awiri anandichita opaleshoni. Mwana wamkazi, makilogalamu 1.9. Tinakhala naye pachifuwa, njira ya kangaroo ija, mpaka anayamba kuyamwa bwino n'kukwera sikelo.

Tsopano za kamtsikana ka pa windo. Ndili m'chipatala ndinkakonza mawu oti ndikakauze, ndipo amuna anga ankafuna kupita okha kukaswa windo lomwelo. Nditapita kukayezetsa BP nditabereka, mayi wina wokolopa anandinong'oneza kuti lamulo ndi la eni ake: wodwala akalowa wopanda lisiti, ndalamayo amaidula pa malipiro a wa pa windo. Malipiro akewo mungathe kuwaganizira nokha. Mtima unatsikako pang'ono. Ndi mwana wa munthu, sanaphunzire za unamwino, anamuika pamenepo kuti aziwerenga ndalama ndipo ndi zimene ankachita. Amene ndikuwaloza chala ndi eni kiliniki, amene amalandira amayi a BP, a shuga, a mtima, koma osaphunzitsa wa pakhomo ngakhale zizindikiro zisanu zokha zoti akamva athamange kukaitana namwino. Kapepala kamodzi komata pa windo kakanakwanira. Makina a BP pa tebulo lolandirira alendo akanakwanira. Komabe sindinamukhululukire zonse. Lamulo linamuletsa kundilowetsa, koma silinamuletse kudzuka pampando n'kukagogoda pa chitseko cha a sisita, chimene chili masitepe ochepa kuchoka pamene amakhala. Tsiku limenelo atandiona ndi mwana anati, "Mwachira amayi?" maso ali pa kompyuta.

A sisita aja anandiimbira foni ndili kunyumba, pa foni yawoyawo. Anandikumbutsa kuti BP imatha kukweranso masiku oyamba munthu atabereka, ndiye mutu ukabwerera ndisanene kuti ndi kusowa tulo chifukwa cha mwana. Anaonetsetsa kuti Aldomet wasinthidwa ndi mankhwala ena amene ndingamwe ndikuyamwitsa. Pa masabata asanu ndi limodzi anakhala nane pansi pa nkhani ya kulera, n'kundiuza kuti mapiritsi a mahomoni awiri aja sayenera munthu wa BP ngati ine, ndisankhe pakati pa kapulasitiki ka pamkono ndi lupu. Anandiuzanso kuti amene wadwalapo pre-eclampsia angathe kudwalanso pa mimba ina, ndipo ayenera kuyezetsa BP moyo wake wonse. Amuna anga anali pomwepo, anamva okha, ndipo nkhani ya kufuna mwana wamwamuna sinabwerenso m'nyumba mwathu.

Zina ndi zazing'ono. Zimbudzi ndi zaukhondo, jenereta imayaka magetsi akathima, sikani amakufotokozera bwino. Mankhwala a pa famase yawo ndi odula kuposa m'mashopu a mankhwala a m'tauni, ndiye pemphani pepala mukagule kwina. Dokotala amasinthasintha, lero uyu mawa wina, ndipo aliyense amayamba kukufunsa kuyambira pachiyambi ngati failo palibe. Amene amakudziwadi ndi mzamba.

Kodi ndingauze mnzanga wa BP kapena shuga kuti apite? Masiku a sikelo inde, ngati ndalama ilipo, ndipo afunse masiku amene a sisita achikulirewo ali pa ntchito. Koma afunsiretu asanalipire, ndipo amulembere papepala, kuti akabwera mwadzidzidzi tsiku losakhala la pa khadi zikhala bwanji. Zikavuta usiku kapena BP ikafika 160/110, asataye nthawi ndi pa windo, alunjike ku chipatala chachikulu kumene kuli fiyeta ndi chipinda cha ana. Amene mumachokera kutali, ku Chadiza kapena ku Vubwi, phukusi ili silikuthandizani kwenikweni, yambani sikelo msanga pa kiliniki yakwanu ndipo azamba akumeneko akutumizani okha kwa madokotala.

Nkhani imene yatsala ndi ya ndalama. Ndinabereka masiku asanakwane, ndiye maulendo ena a m'phukusi ndi sikani yachiwiri sindinagwiritse ntchito. Ndinapempha kuti andibwezereko, kapena aisandutse sikelo ya mwana. Akuti phukusi silibwezedwa, ndipo amanejala amene angathe kusintha zimenezi ali ku Lusaka, nthawi zonse ali ku Lusaka. Pa bilu ya tsiku lija ndapezaponso K250 yoonana ndi dokotala, ngakhale mng'ono wanga analipira pamanja pamodzi ndi ya galimoto ndipo lisiti tili nalo. Lachisanu ndikupitanso ndi malisiti onse, ndipo ulendo uno ndikupita ndi amuna anga.