Mapu a malungo a Malaria Atlas Project: zimene amatha kuona ndi zimene zimawadutsa

Malaria Atlas Project ndi tsamba la pa intaneti limene limapereka kwaulere mapu osonyeza mmene malungo afalikira padziko lonse. Ntchitoyi inayambira ku yunivesite ya Oxford, ndipo panopa likulu lake lili ku Perth, m'dziko la Australia.

Mapuwa amapangidwa mothandizidwa ndi zithunzi za setilaiti, koma setilaiti siona udzudzu, ndipo siona munthu wodwala. Imene imajambula ndi zinthu zimene udzudzu umadalira, monga kutentha kwa nthaka, kubiriwira kwa zomera ndi chinyezi. Akatswiri amaphatikiza zimenezi ndi zotsatira za kafukufuku woyeza magazi m'midzi, kenaka kompyuta imayerekeza kuchuluka kwa ana a zaka 2 mpaka 10 amene ali ndi tizilombo toyambitsa malungo ta Plasmodium falciparum, ngakhale m'madera amene sikunafike woyeza aliyense. Njirayi ndi yomveka, chifukwa kumalo ozizira tizilomboti timachedwa kukhwima m'thupi mwa udzudzu, moti udzudzuwo umafa usanapatsire munthu. Ndi mapu otere amene anathandiza ofufuza kupeza, mu 2015, kuti matenda a malungo pafupifupi 663 miliyoni anapewedwa mu Africa kuyambira chaka cha 2000, ndipo mbali yaikulu inali chifukwa cha masikito onyikidwa m'mankhwala.

Kwa wogwira ntchito pa ofesi ya zaumoyo ya boma, kapena wophunzira amene akulemba kafukufuku, tsambali ndi lothandiza kwambiri. Munthu amasankha dziko ndi chaka, n'kuona madera akusintha mtundu malinga ndi kukula kwa vuto, ndipo akhoza kutsitsa mafayilo n'kuwatsegula mu pulogalamu yoonera mapu ya QGIS, imenenso ndi yaulere.

Chofooka chake chagona pa kukula kwa timabokosi ta mapuwo, pakuti kalikonse kamaimira dera la makilomita pafupifupi 5 m'litali ndi 5 m'lifupi. M'kabokosi kamodzi mumalowa dambo, munda wa mpunga, msika ndi midzi ingapo, zonse n'kupatsidwa nambala imodzi. Koma udzudzu wa Anopheles gambiae umaswana m'tizithaphwi towombedwa ndi dzuwa: dzenje limene anakumbamo dothi la njerwa kuseri kwa sukulu, mapazi a ng'ombe m'matope, madzi odikha pa mjigo. Zimenezi amazidziwa ndi mlangizi wa zaumoyo woyenda pa njinga. N'chifukwa chake ofufuza ena ku Kasungu anayesa kugwiritsa ntchito madironi, amene amauluka m'munsi n'kujambula zithaphwi zimene setilaiti imazidumpha.

Tsambali lili m'Chingerezi chaukatswiri, ndipo limawerengeka bwino pa kompyuta kusiyana ndi pafoni. Wolemba lipoti akumbukirenso kuti manambala ake ndi oyerekeza, ndipo ayenera kuwaika pambali pa kaundula wa chipatala cha m'deralo asanaganize kumene masikito ayambire kugawidwa.