Excel, FLEx kapena ka app ka pafoni: mayina a nsomba ndisunge pati

Anzanga mwandifunsa kokwana kuti mawu ausodzi amene ndimatolera ku Senga Bay ndi ku Lifuwu ndimawasunga pati, ndiye ndiyankhe kamodzi pano.

Ndiyambe ndi ka app ka pafoni poti kanandipweteka, dzina sindikatchula. Kanabwera ngati kaulere, ine nkumalowetsa mawu miyezi ingapo ndithu, chilimira, khoka, matchera, zonse. Tsiku lofuna kutulutsa mawu angawo kuti ndiwaike pa laputopu, kakuti lipira kaye, m'madola, pa khadi ya ku banki, mwezi ndi mwezi. Mawu anga omwe! Ndinachita kukopera pamanja usiku magetsi atazima, mpaka pano ndikadali nako kumtima.

FLEx, pulogalamu ya pa kompyuta yosungira mawu ya bungwe loona za zilankhulo la SIL, ndi yaulere zenizeni, imayenda pa Windows popanda bandulo, ndipo mawu umatulutsa mmene ukufunira. Koma inapangidwira dikishonale, imayambira pa liwu kenako matanthauzo ake, komanso kuti uizolowere pamafunika mtima.

Vuto la nsomba ndi lakuti dzina ndi chinthu siziyendera limodzi. Chambo si nsomba imodzi, muli mitundu yomwe asayansi amati Oreochromis karongae, squamipinnis ndi lidole, onse dzina ndi lomwelo. Kasawala ndi chambo chomwecho chikadali chaching'ono, monganso bonya ndi usipa. Poyamba ndinkalemba liwu lililonse mzere wake, ndiye tanthauzo limodzi linkapezeka malo atatu, ukakonza apa pena patsalira zakale.

Apa ndi pamene Excel inandigwira mtima, osati kuti ndi yanzeru koma imakulola kupanga mashiti awiri. Shiti yoyamba nsomba iliyonse mzere umodzi, nambala yake, dzina la sayansi ndi tanthauzo kamodzi basi. Yachiwiri mayina onse, lililonse ndi nambala ya nsomba yake, chilankhulo, Chichewa kapena Chiyao, ndi doko lomwe ndinalimva. Akatswiri a TBX, muyezo wa padziko lonse wosungira mawu aukatswiri uja wa ISO 30042, amayalanso choncho, chinthu patsogolo mayina pambuyo. Chenjerani posanja basi, ine ndinasankha kolamu imodzi yokha nkusota, kampango anasanduka mtundu wa ukonde, cholakwa changa chimenecho.

Google Sheets ndi yomweyo koma kudoko netiweki imavuta.

Ngati mukulemba dikishonale ya Chichewa chonse tengani FLEx. Ine wa nsomba ndi maukonde ndatsalira pa mashiti awiri aja, ndipo Loweruka lililonse ndimasunga kope pa fulashi.